Fayilo imene subprocedure yasiya yotsegula, atseke ndani?

Wowerenga wina anditumizira imelo. Ali ndi service program (mtolo wa ma procedure amene mapulogalamu ena amaitana) yolembedwa m'chilankhulo cha RPG pa makina a IBM i, ndipo m'katimo muli subprocedure yofufuza dzina la kasitomala imene imaitanidwa kambirimbiri tsiku lonse. Pulogalamu yoitana ikamaliza imayatsa *INLR, chizindikiro chakuti yatha ntchito, koma madzulo akafuna kupukuta fayilo ndi CLRPFM makina amakana, akuti fayiloyo wina waigwira. Ndiye akufunsa: kodi *INLR sitseka zonse?

Ayi, bambo, sitseka zonse. *INLR imatseka mafayilo a pulogalamu imene ili ndi RPG cycle (dongosolo limene RPG imayambira ndi kumalizira nalo pulogalamu) yokha basi. Module ya NOMAIN, monga zimakhalira za mu service program, ilibe cycle, choncho fayilo yolembedwa pamwamba pa module imatseguka procedure ikangoitanidwa koyamba, n'kukhala chitsegukire mpaka activation group, chigawo cha job chimene service program ikuyendamo, itatha. Lowani mu WRKJOB ya job imeneyo, musankhe 14 kuti muone mafayilo otsegula. Muipeza ili phee, pomwe pulogalamu yanu inatuluka kalekale.

Ine chimene chimandiopsa kwambiri si loko ayi. Fayilo ikatseguka, OVRDBF (lamulo lolozera pulogalamu ku fayilo ina) imene mwapereka pambuyo pake siyiikhudza, ngakhale kusintha library list, mndandanda wa malo ofufuzamo mafayilo, sikuikhudza. Zinandichitikirapo: ndinasintha library kuti ndiyese pa deta yoyeserera, koma procedure inkawerengabe fayilo yoyamba ija, osadandaula ngakhale pang'ono. Ndinatha masana onse ndikuyang'ana sikirini, mayina akutuluka olakwika, uthenga wochenjeza palibe.

Ena amati ingotsegulani ndi kutseka nthawi iliyonse procedure ikaitanidwa. Kuyambira IBM i 6.1, imene inatuluka mu 2008, mutha kulemba fayilo m'kati mwa subprocedure yeniyeniyo, ndipo imadzitsekera yokha pobwerera, pokhapokha mutaika STATIC. Pa procedure yoitanidwa mwa apo ndi apo, zimenezi n'zabwino. Koma kutsegula fayilo n'kolemetsa kuposa CHAIN imodzi (kuwerenga rekodi imodzi), ndiye pa procedure yanu yoitanidwa kambirimbiriyi zingakuchedwetsereni ntchito.

Langizo langa ndi ili. Ikani USROPN pa fayiloyo kuti isamatseguke yokha. Poyamba pa procedure funsani ndi %OPEN ngati ili yotsegula, mutsegule ngati siili, chifukwa mukatsegula yotsegula kale mukumana ndi status 01215. Kenako mu module yomweyo lembani procedure ina yaing'ono yotseka, muiike EXPORT kuti iziitanika kuchokera kunja, ndipo pulogalamu yoitana iziiitana isanayatse *INLR. CLOSE *ALL imagwira pamenepo, koma imatseka mafayilo a pamwamba pa module imeneyo okha, osati a module ina kapena a m'kati mwa procedure.

Vuto lotsala n'lakuti pulogalamu ikafa pakati pa ntchito, wotseka uja saitanidwa. Ngati yoitanayo ndi procedure, ikani kuitanako mu ON-EXIT, gawo lomaliza la procedure, imene imayenda ngakhale zinthu zitasokonekera. Ikalephereka njira imeneyo, service program ikhale mu activation group ya dzina lakelake, pulogalamu ya CL yoyendetsa ntchitoyo imalize ndi RCLACTGRP ya dzinalo, lamulo lothetsa activation group. RCLRSC, lamulo lina lotsekera mafayilo otsala, musaidalire pano, ntchito yake ndi ya default activation group.