Funsani Anti: Alamu akuti amuna anga ndinawadyetsa

Anti, ine ndimakhala ku Chawama, ndimagulitsa tomato ndi repu. Ma 04 ndimakhala ndili kale pa minibasi kupita ku msika wa Soweto kukaoda, pobwera madzulo miyendo yatupa. Amuna anga ndi a gadi, amagwira usiku, ndiye masana amatunga madzi, kutsuka mbale, magetsi akapita amayatsa mbaula mpaka kutereka nyemba. Zinali bwinobwino mpaka alamu anga atabwera kuchokera ku Katete, anawapeza akukolopa ndiye akuti ndinawadyetsa mankhwala. Kuchokera tsiku limenelo bambowa ngakhale kapu sagwira, ndikafika chilichonse chikundidikira ndipo tayamba kumangokangana. Nditani?
Amake Junior, Chawama

Mwanawanga, pepa. Kalata yako yandikhudza chifukwa mau akuti "anamudyetsa" asokoneza nyumba zambiri zomwe zinali pa mtendere muno mu Lusaka.

Usalimbane ndi alamu ako, ukangowayankha wekha nkhani ifika kumudzi itasintha, iweyo ndiwe ukhale woipa. Iwo akulankhula za kumudzi komwe bambo amapita kumunda, kumanga nkhokwe, kufolera nyumba, mayi ali pa mtondo ndi pa moto, aliyense ndi mbali yake. Nanga ku Chawama nkhokwe ili kuti? Ntchito ya pano ndi zigubu, malasha, yunifomu za ana ndi lendi, ndipo lendiyo mukusonkha nonse awiri. Komanso pa Chichewa pathu mkamwini ankalima, kutema nkhuni pakhomo pa apongozi, palibe ankati wadyetsedwa. Azibambo amene ankapita ku migodi ku Kitwe kapena ku Joni ambiri nsima ankaphika okha, zovala kuchapa okha.

Amuna akowo si aulesi ayi, wandiuza wekha zomwe ankachita. Achita manyazi basi, mlongo wawo anawaseka. Ndiye usayambe nkhaniyi utangofika uli ndi mkwiyo, dikira tsiku lomwe ali pa ofu, ana atagona, muli awiri kuchipinda, uwauze kuti bambo ake Junior, zija munkachita zija ndi zomwe zinkandipatsa mphamvu yodzuka ma 04, pano thupi likukana. Uwathokoze kaye, ambirife timaiwala pamenepa, timangoona mbale yomwe sinatsukidwe. Kenako mugwirizane zenizeni, madzi ndi mbaula iwo poti masana ali pakhomo, kuchapa ndi kuphika madzulo iwe. Ngati kukolopa pamaso pa alendo kukuwavuta, asiye kumeneko atenge ina, usaumirire.

Alamuwo awalankhule ndi mchimwene wawo, osati iwe. Zikakanika itanani ankhoswa kapena alangizi amene anakulangizani pa ukwati.

China, Junior ngati wafika zaka 7 kapena 8 ayambe kutsuka mbale yake ndi kusesa pakhonde, usadikire kuti ubereke mtsikana. Undilemberenso mwezi wamawa ndimve ngati mbaula yayambanso kuyaka masana.
Anti