Sikopu yanu siinafe, ndi zero stop chabe

Achimwene ena a ku Luwinga andilembera imelo. Akuti sikopu (galasi lolozera lomwe amamangirira pa mfuti) yomwe mlamu wawo anawabweretsera kuchokera ku Johannesburg ikuoneka yowonongeka: zipolopolo zikugunda pamwamba pa chandamale, koma turret ya pamwamba, chopotokola chowongolera pomwe chipolopolo chikagunde, ikukana kutsika. Akufunsa ngati aibweze.

Musaibweze achimwene, ndipo chonde musaikakamize. Funso lanu landigwira mtima chifukwa ndinaonapo sikopu yabwinobwino ikuphedwa pa chifukwa chomwechi. Tinali ku famu ina kupitirira Ekwendeni, m'mawa wa June, nkhungu itangoyamba kuyera, manja atauma ndi chisanu. Mwini mfutiyo ataona kuti turret yalimba, anaikulunga kansalu, n'kuipana ndi pulayala. Tinangomva kuti thyo! Kuchokera pamenepo inkangozungulira mopanda phokoso, mtanda wa mkati osasuntha. Bamboyo anakhala pa chitsa osayankhula, ndipo mpaka lero ndikakumbukira zimandiwawa.

Mkati mwa sikopu muli kachubu kena kakang'ono konyamula magalasi. Sipulingi imakakankhira ku ma turret awiri, ndiye mukapotokola mumakhala mukusuntha kachubuko pang'onopang'ono. Ya pamwamba imakweza kapena kutsitsa pomwe chipolopolo chikagunde, ya kumanja imapititsa kumanzere kapena kumanja. Ikakhalapo yachitatu kumanzere, kawirikawiri imakhala ya parallax, yoti chandamale chizioneka bwino molingana ndi mtunda, ntchito yake ndi ina.

Kliki iliyonse, kaphokoso komwe mumamva mukapotokola turret pang'ono, ili ndi muyeso wake, wolembedwa pa chivindikiro. Pakalembedwa 0.1 MIL, kliki imodzi ndi sentimita imodzi pa mtunda wa mamita 100. Pakalembedwa 1/4 MOA, ndi mamilimita pafupifupi 7. Apa ndi pomwe ambiri a mfuti za mpweya amasokonekera, chifukwa iwo amawombera pa mamita 25. Pamenepo kliki ya 0.1 MIL imangosuntha mamilimita awiri ndi theka, ndiye munthu amapotokola katatu, osaona kusintha, n'kuyamba kunyoza sikopu.

Ndinene mosabisa: ogulitsa atipusitsa ndi ma turret ataliatali oonekerawa. Munthu wowombera pa mtunda umodzi tsiku ndi tsiku sakuwafuna. Amakodwa m'chikwama, amazungulira okha. Ndalama imeneyo ndi bwino igule zomangira sikopu zolimba, chifukwa masikopu ambiri omwe anthu amati akunama amakhala kuti angomasuka pa mfuti. Komanso kuno ku Mzuzu, ndi kamvula kathu kowazawaza, sikopu yosatsekedwa bwino imachita nthunzi mkati, ndipo palibe turret ingakuthandizeni. Ndiye pali mfuti za mpweya za sipulingi, zomwe zimagwedezekera kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Zimenezo zimaswa ngakhale sikopu yodula ngati siinapangidwire zimenezo.

Nanga zero stop ndi ya chiyani?

Mukafuna kuwombera patali mumakweza turret, mwina mpaka kuzungulira kawiri. Nambala 0 imabweranso pa kuzungulira kulikonse, ndiye pobwerera simudziwa kuti ziro yanu yeniyeni, malo omwe munaika turret kuti chipolopolo chizigunda pomwe mwaloza, ndi iti. Zero stop ili ngati mwala womwe timaika kuseri kwa tayala pa chitunda: mukamatsika, turret imafika pamenepo n'kuima, ngakhale muli mu mdima. Siimakuwongolerani mfuti ayi. Imangosunga malo omwe inuyo mwaiuza. Yanuyo inaikidwa pa malo a mfuti ina kapena a ku fakitale, n'chifukwa chake ikukutsekerezani musanafike pa ziro yanu.

Chitani izi. Chotsani zipolopolo, muonetsetse kuti mfuti ilibe kanthu. Masulani tizitsulo ta m'mbali mwa chivindikiro ndi Allen key, muchizule. Mupezamo kamkombero kapena timawashala topyapyala. Masulani kapena chotsani zimenezo, turret itsika. Kenako womberani katatu pa pepala, kumbuyo kwake kukhale chulu kapena khoma la dothi, muwongole potengera pakati pa mabowo atatuwo mpaka zikhale pomwe mukufuna. Mukatero bwezerani kamkombero mpaka kagunde poimira pake, nambala 0 iyang'anizane ndi kamzere, mumange mosalimbitsa kwambiri chifukwa tizitsuloto sitichedwa kulala. Makampani amasiyana kapangidwe, ena amasiya makliki angapo pansi pa ziro, choncho funsani mlamu wanuyo ngati kabuku kake kadakali m'bokosi, mukawerenge musanagwire Allen key.