Mukufuna anyamata a ku Kasungu akonde Formula 1? Apatseni kaye padi

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mkulu wina yemwe ali ndi shopu ya magemu komanso yoonetsa mpira pa Kasungu boma. Akuti iyeyo amaukonda kwambiri mpikisano wa magalimoto wa Formula 1, koma akangouika pa SuperSport Lamlungu, anyamata amapirira mphindi zochepa n'kuyamba kutuluka, amvekere: "Magalimotowa akungozungulira basi." Ndiye akufunsa kuti atani kuti nawonso aukonde.

Achimwene, anyamatawo sakulakwa. Mpira aliyense anaupondapo ali mwana, ngakhale wa chikulunga, ndiye akamaonera amadziwa kuwawa kwa kuphonya penate. Koma galimoto ya mpando umodzi, ya matayala oonekera panja, ndani anaigwirapo kuno? Mu Africa monse muno mpikisanowu unachitika komaliza mu 1993 ku Kyalami, ku South Africa. Munthu sangakondwere ndi luso lomwe sakuliona, ndipo pa kanema luso la dalaivala limabisika m'chipewa.

Mankhwala ake muli nawo kale m'shopumo. PlayStation yomwe amamenyerapo mpira ija, ikanimo gemu ya F1, musankhe bwalo la Monza la ku Italy, mum'patse mmodzi padi, kachipangizo kosewerera gemu kaja. Adzakanikiza moto wonse pamsewu wowongoka uja, liwiro lidzadutsa makilomita 300 pa ola, kenako kona yoyamba idzangomutulukira, iye n'kupitiriratu kunja anzake akufa nacho chiseko. Musamuuze kanthu. Akabwereza kangapo adzayamba yekha kuona zikwangwani za m'mbali zolembedwa 150, 100, 50, n'kuzindikira kuti zikuwerenga mamita otsala kuti afike pakona, ndi kuti mpikisano wonse wagona pa funso loti mabuleki awagwire pati. Mnyamata ameneyo tsiku lomwe adzaone dalaivala Max Verstappen akuchedwa dala kugwira mabuleki kuti adutse mnzake pakona yomweyo, adzadzuka pabenchi.

Kenako muwaphunzitse za matayala, chifukwa mpamene pali nzeru zambiri. A mzere wofiira ndi ofewa, amathamanga koma amatha msanga. Achikasu ndi apakati. Oyera ndi olimba. Kukakhala kopanda mvula, lamulo limati dalaivala agwiritse ntchito mitundu iwiri pa mpikisano umodzi, ndiye aliyense ayenera kulowa kukasintha. Kulowa liti, n'kumene matimu amapusitsirana. Amakanika amasintha matayala onse anayi m'masekondi awiri kapena atatu, ndipo a timu ya McLaren anachita zimenezi m'masekondi 1.80 ku Qatar mu 2023. Anyamata omata matayala ndi a kabaza akamva zimenezi sachedwa kukhala pansi.

Izi si nzeru zanga zokha ayi. Eni mpikisanowo anayambitsa ligi yawo ya pa gemu mu 2017, ndipo mu 2020 Covid-19 ataimitsa zonse, madalaivala enieni monga Charles Leclerc, George Russell ndi Lando Norris ankapikisana pa intaneti anthu akuonera. Verstappen amathamanga pa gemu ya pa intaneti ya iRacing ngakhale atatenga kale ukatswiri wa dziko lonse.

Ndikanakhala inu ndikanakhoma bolodi pakhoma. Sabata iliyonse bwalo likhale lomwelo lomwe madalaivala akathamangepo Lamlungu likudzalo, aliyense azungulire, nthawi yake ilembedwe ndi choko. Loweruka khumi oyambirira apikisane, woyamba alandire mapointi 25, wachiwiri 18, wachitatu 15, monga zimakhalira kwenikweni. Mphotho ikhale ola laulere losewera, osati ndalama. Apa ndikunena motsindika: kubetcha kukangolowa, makolo adzaletsa ana awo kubwera, ndipo adzakhala akuchita bwino. Atsikana muwaitanenso, padi siifuna mphamvu. Chiwongolero cha gemu ndi chokwera mtengo, chidikire nyengo ya fodya ndalama zikamayenda m'tauni. Poyambira mapadi akwana.

Mpira musalimbane nawo, mungagonje. Mipikisano yambiri ya ku Ulaya imayamba 3 koloko masana, nthawi yofanana ndi ya kuno, ndipo pamenepo benchi imakhala ya a Premier League. Yambani mu June ndi July ligiyo ili patchuthi, pomwe kumakhala mipikisano ngati wa ku Silverstone, bwalo lomwe linachititsa mpikisano woyamba wa ukatswiriwu mu 1950.

Adzakufunsani ngati gemu ingawafikitse m'galimoto yeniyeni. Auzeni zoona. Jann Mardenborough wa ku Britain anapambana GT Academy, mpikisano wa gemu ya Gran Turismo, mu 2011, ndipo mu 2013 anakhala wachitatu m'gulu lake pa mpikisano wa magalimoto enieni wa ku Le Mans, ku France. Koma anthu otere ndi owerengeka. Njira ya ambiri ndi timagalimoto tating'ono tampikisano totchedwa karting, ndipo imadya ndalama zoopsa: katswiri wa F1 Lewis Hamilton anayamba ali ndi zaka 8, bambo ake akugwira ntchito zingapo nthawi imodzi kuti alipire. Chomwe mungawalonjeze n'chakuti Rwanda inalengeza mu December 2024 kuti ikufuna kuchititsa mpikisanowu, South Africa nayo ikuufuna, ndipo ukadzabwerera ku Africa iwo adzakhala akuudziwa kale. Ligi ya m'shopu mwanuyo ikayamba munditumizire chithunzi cha bolodi lija, ndikufuna ndione nthawi ya Monza.