Kuchotsedwa ntchito pakamwa chabe ku Moatize

Achimwene a ku Ulongwe, uthenga wanu ndauona, mwati mwagwira zaka 4 pa kampani ina yonyamula malasha ku Moatize ndiye tsiku lina abwana angokuuzani pageti kuti mawa musabwerenso, kalata ayi chifukwa ayi. Zimenezo lamulo silikuzidziwa.

Lamulo la ntchito kuno ku Mozambique pano ndi Lei 13/2023, linalowa m'malo mwa la 2007 lija nkuyamba kugwira mu 2024. Ngati akuti mwalakwa amayenera kukupatsani kaye chikalata chija amati nota de culpa, chofotokoza mlandu wanu, inu nkupatsidwa masiku 15 oti muyankhe molemba, kenako iwo agamule molembanso, ndiye akadumpha zimenezi kuchotsako kumakhala kosaloledwa olo mutakhala kuti munalakwadi, mabwana ambiri amagwera pamenepa. Khoti litha kulamula kuti akubwezereni pantchito kapena akupatseni chipukuta misozi cha malipiro a masiku 45 pa chaka chilichonse, kwa inuyo ndi masiku 180, miyezi 6 imeneyo. Zoti simunasainirane kontrato musade nazo nkhawa, kusalembako ndi mlandu wa abwana osati wanu.

Mwafunsa kuti nanga boma lili kuti. Agogo athu ankathawira ku Nyasaland kuopa chibalo cha Apwitikizi, ufulu utabwera mu 1975 boma linatenga makampani ambiri m'manja mwake nkumadzipangira lokha mapulani a chuma, koma kuyambira 1987 ndi PRE ija, pulogalamu yokonzanso chuma yomwe linagwirizana ndi IMF, linayamba kuwagulitsa. Pano boma limangoika malamulo, kudandaula nkwanu, mukakhala chete palibe adzakufunseni ku Angonia kuno.

Sonkhanitsani zomwe muli nazo, khadi la pageti, mapepala a malipiro, mameseji a pa WhatsApp, anzanu awiri oikira umboni. Mudutsenso ku INSS, bungwe la boma losunga ndalama za penshoni, mukaone ngati 3% yomwe ankakudulani ija ndi 4% ya abwana zinkafikadi, enatu amadula nkuika m'thumba. Kenako pitani ku CEMAL, ofesi yoyanjanitsa antchito ndi mabwana, mumzinda wa Tete akakukumanitseni ndi abwanawo, zikakanika mupite ku khoti, ndalama ya loya ngati mulibe kuli IPAJ amathandiza ovutika ulere.

Koma nthawi yokasuma kukhoti, achimwene, ndi miyezi 6 yokha kuchokera tsiku la pageti lija. Ndipo akakuitanani kuti bwerani mutenge kangachepe musaine apa, werengani kaye, kawirikawiri pepalalo limakhala likunena kuti mwasiya nokha.