Kodi boti laling'ono likufunika pampu yochotsera madzi?

Bambo wina wa ku Mtakataka, m'boma la Dedza, watilembera kalata pa imelo. Ali ndi boti lamatabwa lotalika mamita 7, la injini ya 15 horsepower yolizira chingwe, ndipo akufunsa ngati agule pampu yamagetsi kapena azingokapa madzi ndi chigubu monga mwa nthawi zonse.

Bambo, chigubucho musachitaye. Pampu ing'onoing'ono ya batire ya 12V, imene pabokosi pake amalemba 500 GPH (magaloni 500 pa ola), amati imatulutsa malita pafupifupi 1,900 pa ola, kutanthauza malita 30 pa mphindi. Koma amaiyesa popanda paipi. Mukailumikiza kuti izikweza madzi mpaka pamwamba pa boti, ndipo batire ikayamba kufooka, mutha kupeza theka lokha. Tsono bowo lotakata masentimita awiri ndi theka, lomwe lili masentimita 30 pansi pa madzi, limalowetsa malita oposa 40 pa mphindi. Thabwa likang'ambika kapena funde la mwera likakhuthukira mkati, pampu yotere siingakupulumutseni. Mnyamata wamphamvu wokhala ndi ndowa ya malita 10 amaiposa kutalitali.

Pamene pampu imathandiza kwenikweni ndi padooko, boti likagona pamadzi usiku wa mvula. Boti ngati lanu lili ndi malo apululu pafupifupi masikweya mita 10. Mvula ya mamilimita 50 isiya malita 500 mkatimo, ndipo lita imodzi ndi kilogalamu imodzi: matumba khumi a chimanga amene simunakweze. Madziwo sakhalanso malo amodzi, amathamangira mbali imene boti lapendekera, n'chifukwa chake boti lodzaza limagubuduka msanga. Ngati mumalikokera pamchenga tsiku lililonse, ndalamazo gulirani phula ndi thonje mumate ming'alu.

Mukasankha kugula, dziwani kuti injini zambiri zolizira chingwe sizitchaja batire, choncho mufunika batire yakeyake ndi sola yaing'ono yoitchajira. Pampu muike pamalo otsikitsitsa, kumbuyo, moimangirira kuti isagwe chammbali. Pambali pake pakhale float switch, kachipangizo koyandama kamene kamayatsa pampu madzi akakwera. Fyuzi ikhale pafupi ndi batire, pa waya wa +, ya kukula kumene wopanga walemba. Polumikizira mawaya pakhale pamwamba, posafika madzi komanso kutali ndi thanki ya petulo, chifukwa kamoto kakang'ono n'kokwanira kuyatsa mpweya wa petulo. Paipi ya mamilimita 19, yosalala mkati, ikhale yaifupi ndi yosapindika, ndipo itulukire pamwamba ndithu pa pamene madzi amalekeza boti litasenza katundu. Ikatsika, nyanja imabwerera kudzera m'paipi momwemo.

Chimene chimapha mapampu m'maboti a asodzi ndi zinyalala. Mukatsegula kasefa ka pansi mupeza mamba a nsomba, mchenga, timitu ta usipa ndi ulusi wa ukonde utakulunga kampeni kozungulira kamene kamakankha madzi. Pampu imangolira koma madzi osatuluka, mpaka fyuzi kupsa. Tsukani kasefako mukangotsitsa nsomba, kenako thirani ndowa ziwiri za madzi muone ngati ikuyaka yokha.

Ndipo musanapalase, zigubu zodula zikhale ziwiri, chilichonse chomangirira chingwe kuthabwa lokhalira, poti chosamanga chimayandama n'kupita pa nthawi imene mukuchifunitsitsa.