Yankho: Kodi usiku wa nyimbo zachilendo ungatheke ku Mzuzu?

Achimwene, mwafunsa ngati usiku wa nyimbo zoyesera zatsopano, wokonzedwa ndi kampani yaing'ono yoima payokha, ungakope anthu kuno ku Mzuzu. Ine ndikukhulupirira kuti ungatero. Mwachitsanzo, kampani yotulutsa nyimbo ya Nyege Nyege Tapes ya ku Kampala inatchukitsa singeli, nyimbo zothamanga kwambiri za ku Dar es Salaam, ndipo inzake, Bongo Joe ya ku Geneva, inatulutsa nyimbo za Madalitso Band, oimba ndi babatoni wa nsambo imodzi. Ifenso tili ndi ng'oma za vimbuza, zimene UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inazilemekeza mu 2005, ndipo woimba ataziphatikiza ndi mamvekedwe a pakompyuta, mwaulemu podziwa kuti ndi gule wochiritsa, holo ikhoza kudzaza. Okonzawo asaiwale zokuzira mawu zamphamvu komanso jenereta, chifukwa magetsi akathima nyimbo zoterezi zimafera pomwepo.