Msonkho wa utsi wa ku Ulaya ndi malata amene timadutsa nawo pa Nyamapanda

Achimwene, mwafunsa ngati msonkho wa utsi umene maiko a ku Ulaya akulipiritsa pa zitsulo ndi simenti udzakukhudzani mukayamba kupikula malata, mawaya ndi misomali kuno ku Harare n'kumakagulitsa ku Blantyre. Pachipata simudzaupeza. Mukamadutsa Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza, a ZIMRA ndi a MRA, otolera misonkho ku Zimbabwe ndi ku Malawi, amafuna malisiti a katundu, pepala losonyeza dziko limene katunduyo anapangidwa ngati mukufuna kuti msonkho utsike pansi pa COMESA kapena SADC, ndi misonkho ya nthawi zonse. Ilipo carbon tax (msonkho wa utsi) imene galimoto ya nambala yakunja imalipira polowa m'Zimbabwe, koma imeneyo ndi ya galimotoyo, si ya katundu amene yanyamula.

Wa ku Ulayawo ndi CBAM (Carbon Border Adjustment Mechanism), msonkho wa utsi pa katundu wolowa m'maiko a mgwirizano wa European Union. Unayamba pa 1 October 2023, pamene oitanitsa katundu ankangopereka malipoti a mpweya woipa umene unatuluka popanga katunduyo, ndipo kuwerengera ndalama kunayamba pa 1 January 2026. Umakhudza zitsulo, aluminiyamu, simenti, feteleza, magetsi ndi hydrogen. Wolipira ndi kampani ya ku Ulaya imene ikuitanitsa, pa mtengo wotsatira umene mafakitale a komweko amalipira pa tani imodzi ya mpweya woipa, ndipo ngati kumene katunduyo wachokera analipirako kale msonkho wa utsi, monga ku South Africa kumene unakhazikitsidwa mu 2019, gawo limenelo lingachotsedwe. Britain nayo yakonza zoyamba wake mu 2027.

Ife umatipeza mozembera, kudzera pa mtengo. Zimbabwe imatumiza kunja ferrochrome yambiri (mtundu wa chitsulo chosakaniza ndi chrome), ku Manhize kufupi ndi Mvuma fakitale yatsopano yayamba kutulutsa chitsulo, ndipo magetsi ambiri a dziko lino amachokera ku malasha a ku Hwange, makamaka madzi a ku Kariba akachepa. South Africa, kumene malata ambiri a m'mashopu a ku Graniteside ndi Msasa kuno ku Harare amachokera, imadalira malasha koposa. Wogula wa ku Rotterdam, doko la ku Netherlands, akaona kuti chitsulo chosungunulidwa ndi malasha chikumudula, amapempha kuti mtengo utsike kapena amakagula kwina, ndipo chitsulo chokanidwacho sichikhala pansi, chimasaka msika pafupi. Mmene ndikuonera, padzakhala miyezi imene zitsulo zidzasefukira m'dera lathu lino n'kutsika mtengo mwadzidzidzi, ndiponso ina imene fakitale ikachepetsa ntchito katundu adzasowa. Wapikula lole yodzaza pa ngongole, n'kufika nayo ku Limbe mtengo utagwa, ndiye amene amalira.

Chimene chimandiwawa n'chakuti Africa imatulutsa gawo laling'ono kwambiri la mpweya woipa wa padziko lonse, koma ndalama za msonkhowu zimatsala ku Ulaya, pamene ife tikusowa ndalama zomangira magetsi a dzuwa ndi a madzi. A ku Ulayawo amati akuteteza mafakitale awo kuti asathawire kumaiko kumene utsi sulipiridwa, ndipo mfundoyo ili ndi mutu wake, koma fakitale yaing'ono ya kuno ilibe akatswiri oyeza utsi ndi kulemba malipoti ovomerezeka, choncho imatsekeredwa kunja ngakhale katundu wake ali wabwino.

Poyamba musaunjike zitsulo zambiri nthawi imodzi. Gulani zimene mungagulitse m'masabata ochepa, muzifunsa mtengo wa ku Johannesburg musanalipire wa kuno, ndipo pa katundu aliyense pemphani satifiketi ya kufakitale yosonyeza kumene chitsulocho chinapangidwa ndi makulidwe ake. Mukadzayamba kugulitsa kwa makampani amene amatumiza zopanga zawo kunja, adzafuna kudziwa chiyambi cha chitsulo chanu asanakambe nanu za mtengo.